Malasha a padziko lapansi adzatha liti, nanga nkhuni za ku Kabwazi?

M'midzi yambiri ya ku Kabwazi nkhuni zasanduka chinthu chovuta kupeza. Amayi amene kale ankatola nkhuni kuseri kwa mudzi tsopano amalawirira mbandakucha n'kubwerako dzuwa litakwera, ndipo ena amaphikira zitsononkho ndi mapesi. Pamsika, mtengo wa thumba la makala sukhalitsa usanakwerenso. Zinthu zikafika pamenepa, munthu angathe kufunsa kuti: popeza dziko la Malawi lili ndi malasha pansi pa nthaka, ndipo sitima zodzaza malasha zimadutsa m'dziko muno kuchokera ku Mozambique, bwanji anthu osaisiya mitengo kuti ipume n'kuyamba kudalira malashawo? Funsoli ndi lomveka, ndipo kuti liyankhidwe bwino pafunika kudziwa kuchuluka kwa malasha amene alipo padziko, zaka zimene angakhale, ndiponso tanthauzo lenileni la chiwerengero cha zakazo.

Malasha ndi makala

Mawu awiriwa amasokoneza, makamaka chifukwa anzathu olankhula Chinyanja ku Zambia amatchula makala kuti malasha. Kuno ku Malawi, makala ndi aja amapangidwa pootcha mitengo mu uvuni wokwirira ndi dothi, pamene malasha ndi mwala wakuda woyaka umene umakumbidwa pansi. Zonse ziwiri zidachokera ku zomera, koma zimasiyana pa nthawi. Mtengo wopangira makala umakula m'zaka makumi angapo. Malasha a m'chigawo chino cha Africa adachokera ku zomera za m'madambo zimene zidakwiririka ndi matope ndi mchenga zaka zoposa 250 miliyoni zapitazo, n'kupanikizidwa ndi kutenthedwa pansi mpaka kusanduka mwala. Choncho malasha akakumbidwa n'kuyatsidwa, palibe m'badwo wa anthu umene udzaone ena atalowa m'malo mwake.

Malashawa ndi amene amapereka pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu a magetsi onse a padziko lapansi. Amagwiritsidwanso ntchito posungunula chitsulo ndi popanga simenti. N'chifukwa chake maiko amawerengetsera mosamala kuchuluka kwa malasha amene atsala.

Chiwerengero cha zaka 139

Lipoti la zamphamvu limene kampani ya BP idatulutsa m'chaka cha 2021 lidaonetsa kuti pakutha pa 2020 padziko lonse padali malasha otsimikizika okwana matani 1,074 biliyoni. Mawu akuti otsimikizika ndi ofunika kuwamvetsa. Sakutanthauza malasha onse amene ali pansi, koma okhawo amene akatswiri adawayeza, ndipo angathe kukumbidwa mopindulitsa ndi makina amene alipo komanso pa mitengo ya panthawiyo.

Malashawa sadagawike mofanana. Dziko la United States lili ndi magawo pafupifupi 23 pa 100 alionse, Russia 15, Australia 14, China 13, ndipo India 10. Maiko asanu okhawa akusunga magawo atatu mwa anayi a malasha onse otsimikizika. Mu Africa, dziko limene lili ndi ochuluka ndi South Africa, amene adali ndi matani pafupifupi 10 biliyoni, ndipo magetsi ambiri a kampani ya Eskom kumeneko amachokera ku malasha.

M'chaka cha 2020 dziko lonse lidakumba malasha osachepera matani 7.7 biliyoni. Akatswiri adatenga matani 1,074 biliyoni aja n'kuwagawa ndi amene amakumbidwa pachaka, ndipo yankho lidali zaka 139. Mafuta a galimoto ndi gasi atawerengedwa mwa njira yomweyi, chilichonse chidapezeka ndi zaka pafupifupi 50. Apa m'pamene pamachokera mawu omveka kawirikawiri akuti malasha adzakhalapo kwa zaka zoposa 100.

Koma poyang'ana dziko lililonse palokha, chithunzi chimasintha. China amakumba pafupifupi theka la malasha onse a padziko, ndipo mwa masamu omwewa ake angamufikitse zaka 37 zokha. A South Africa angafike zaka pafupifupi 40. A United States, amene amakumbidwa pang'onopang'ono poyerekeza ndi kuchuluka kwake, angapitirire zaka 500.

Masamu a nkhokwe

Mlimi aliyense wa ku Kabwazi amawadziwa kale masamu amenewa. Banja likakolola matumba 24 a chimanga, ndipo limadya matumba awiri pamwezi, limati chakudya chilipo cha miyezi 12. Koma mutu wa banja wanzeru amadziwa kuti chiwerengerochi chimadalira zinthu zina. Pakabwera abale odzakhala nawo, banjalo n'kuyamba kudya matumba atatu pamwezi, chimangacho chitha pa miyezi isanu ndi itatu. Anankafumbwe akalowa, miyezi ichepanso. Kudimba kukachoka chimanga china, miyezi iwonjezereka.

Ndi mmenenso zilili ndi malasha. Zaka 139 zija zikungonena chimene chingachitike ngati kakumbidwe kangakhale chimodzimodzi chaka ndi chaka, popanda malasha atsopano opezeka. Zimenezi sizichitika. Bungwe la International Energy Agency lidanena kuti m'chaka cha 2022 dziko lidagwiritsa ntchito malasha oposa matani 8 biliyoni, ndipo chaka chotsatira adawonjezerekanso, makamaka ku China ndi ku India. Kakumbidwe katamakwera ndi magawo awiri okha pa 100 chaka chilichonse, malasha a zaka 139 aja angathe zisanakwane zaka 70.

Mbali inayo, chiwerengero cha malasha otsimikizika nacho chimasinthasintha. Mtengo wa malasha ukakwera, migodi imene inkaoneka yosapindulitsa imawerengedwanso. Mtengo ukatsika, kapena akatswiri akayezanso n'kupeza kuti malasha ena ali pansi kwambiri, amachotsedwa m'kaundula. Malipoti a BP omwewo akuchitira umboni. Chakumayambiriro kwa zaka za m'ma 2000 ankanena zaka zoposa 200. Pofika 2014 zidatsika kufika 110. Mu 2020 zidakweranso kufika 139. Malasha pansi pa nthaka sadaswane m'zaka zimenezi. Chidasintha ndi kawerengedwe ndi kakumbidwe.

Zimene zidachitika ku Britain

Mbiri ya dziko la Britain ikuonetsa kuti migodi imatsekedwa malasha asanathe. M'chaka cha 1865 katswiri wa zachuma William Stanley Jevons adalemba buku lotchedwa The Coal Question, mmene adachenjeza kuti chuma cha dzikolo chidzagwa malasha osavuta kukumba akadzachepa. Kakumbidwe kadapitirira kukwera mpaka 1913, pamene Britain adakumba matani pafupifupi 287 miliyoni m'chaka chimodzi. Kuchoka pamenepo kadayamba kutsika. Mgodi womaliza wapansi kwambiri, wa Kellingley, udatsekedwa mu Disembala 2015, ndipo malo omaliza opangira magetsi ndi malasha, a Ratcliffe-on-Soar, adazimitsidwa pa 30 Seputembala 2024.

Pansi pa dziko la Britain malasha akadalipo mpaka lero. Adasiyidwa chifukwa kuwakumba kudayamba kudya ndalama zambiri kuposa kugula kwina, chifukwa kudabwera gasi, mphepo ndi dzuwa zopangira magetsi, ndiponso chifukwa cha utsi wake. Malasha akayaka amatulutsa mpweya wa carbon dioxide wochuluka kuposa mafuta kapena gasi, ndipo mpweya umenewu ndi umene ukutenthetsa dziko ndi kusokoneza nyengo. Maiko adagwirizana ku Paris mu 2015 kuti achepetse kutentha kumeneku, ndipo pamsonkhano wa ku Glasgow mu 2021 adavomereza kuchepetsa magetsi ochokera ku malasha. Chaka chomwecho mtsogoleri wa China, Xi Jinping, adalengeza kuti dziko lake silidzamanganso malo atsopano opangira magetsi a malasha m'maiko ena.

Izi zikutanthauza kuti malasha ambiri amene ali m'kaundula mwina sadzakumbidwa n'komwe. Mapeto a malasha adzabwera chifukwa cha mtengo, malamulo ndi kusowa kwa opereka ngongole, migodi idakali ndi katundu.

Malasha a kuno ndi a ku Tete

Ku Malawi malasha amapezeka kumpoto m'maboma a Rumphi ndi Karonga, m'madera monga Livingstonia, Ngana ndi Lufira, komanso kumwera m'chigwa cha Shire ku Lengwe ndi ku Mwabvi. Kukumba kudayamba m'zaka za m'ma 1980 ku Kaziwiziwi ndi ku Mchenga m'boma la Rumphi. Migodi imeneyi ndi yaing'ono. Zimene dziko lonse la Malawi limakumba pachaka sizifika ngakhale pa zimene China amakumba pa ola limodzi. Malashawa amapita kumafakitale, monga opanga simenti ndi okonza fodya, ndipo ena amachita kuitanitsidwa kuchokera kunja.

Mgodi waukulu woyandikana ndi dziko lino uli ku Moatize m'chigawo cha Tete ku Mozambique. Kampani ya ku Brazil yotchedwa Vale idayamba kukumba kumeneko mu 2011, ndipo idamanga ndi kukonzanso njanji ya makilomita oposa 900 yopita kudoko la Nacala. Njanjiyi imalowa m'Malawi chakumwera, kudzera ku Nkaya m'boma la Balaka, n'kutulukira ku Nayuchi m'boma la Machinga. Malasha amene amadutsa pamenepo ndi opita kutsidya kwa nyanja, ena mwa iwo kukasungunulira chitsulo. Mu 2022 Vale idagulitsa mgodiwo pamodzi ndi njanji yake ku kampani ya Vulcan, itanena kuti ikufuna kusiya malonda a malasha. Umenewu ndi umboni wapafupi wa zimene zidachitika ku Britain: mwini mgodi adachoka malasha adakali ambirimbiri.

Boma la Malawi lakhala ndi ganizo lomanga malo opangira magetsi a malasha okwana mamegawati 300 ku Kammwamba m'boma la Neno. Ganizoli latenga zaka zambiri likudikira ndalama. Chifukwa chimene lidabwerera n'chodziwika: magetsi ambiri a dziko lino amachokera mumtsinje umodzi wa Shire, ku Nkula, Tedzani ndi Kapichira, ndipo mtsinjewo ukavuta dziko lonse limakhala mumdima. Zidaoneka mu Januwale 2022 pamene namondwe wa Ana adaononga damu la Kapichira, n'kuchotsa pafupifupi mamegawati 130 kwa nthawi yoposa chaka. Komabe njira zina zayamba kuoneka, ndipo imodzi ili m'boma lomwe lino la Dedza. Ku Golomoti kuli malo opangira magetsi a dzuwa okwana mamegawati 20, okhala ndi mabatire osungira mphamvu, amene adayamba kugwira ntchito mu 2022. Ku Salima kulinso ena a mamegawati 60.

Kodi malasha angalowe m'khitchini ya ku Kabwazi?

Pali zifukwa zitatu zimene zikuchititsa kuti yankho likhale lakuti ayi. Choyamba ndi mtunda. Kuchokera kumigodi ya ku Rumphi kufika ku Dedza ndi makilomita oposa 400, ndipo malasha ndi katundu wolemera amene mtengo wake umakwera ndi kilomita iliyonse. Banja limene limatola nkhuni popanda kulipira silingayambe kugula mwala wobwera pa lole.

Chachiwiri ndi utsi. Malasha osakonzedwa akayatsidwa m'khitchini yotsekeka amatulutsa mpweya woipa umene umaononga mapapo, ndipo ungathe kupha anthu ali m'tulo. M'madera ena a ku South Africa kumene mabanja amaotha ndi kuphikira malasha m'nyengo yozizira, matenda a m'chifuwa ndi vuto lodziwika. Dera lozizira ngati Dedza, kumene anthu amakonda kuotha moto m'nyumba mu Juni ndi Julayi, lingakumane ndi ngozi yomweyo.

Chachitatu, ngakhale malashawo atasandutsidwa magetsi, sangafike msanga pamafuwa a m'mudzi. Kalembera wa 2018 adapeza kuti mabanja pafupifupi 11 okha pa 100 alionse m'dziko muno ndi amene ankaunikira ndi magetsi, ndipo ophikira magetsi adali ochepa kuposa pamenepo. Mabanja oposa asanu ndi anayi pa khumi alionse ankaphikira nkhuni kapena makala. Akuluakulu adati fodya wako ndi amene ali pamphuno. Moto umene anthu a ku Kabwazi ali nawo m'manja, lero ndi zaka zikubwerazi, ndi wa mitengo.

Nkhokwe imene ikuthadi

Masamu amene akatswiri amagwiritsa ntchito pa malasha akhoza kugwiritsidwanso ntchito pa mitengo, ndipo yankho lake ndi lodetsa nkhawa kwambiri. Kalembera wa 2018 adapeza anthu oposa 830,000 m'boma la Dedza, ndipo chiwerengerochi chikukwerabe. Banja lililonse latsopano limafuna nkhuni zophikira, milimo ya denga, njerwa zootcha ndi munda. Olima fodya amafuna mitengo ya zigafa. Pamwamba pa izi pali msika wa makala wa mumzinda wa Lilongwe, umene umakoka mitengo kuchokera kutali. Uvuni wa dothi umawononga kwambiri: kuti patuluke kilogalamu imodzi ya makala pamafunika makilogalamu asanu a mitengo kapena kupitirira apo.

Zotsatira zake zikuoneka m'nkhalango ya Dzalanyama, kumene kumachokera mitsinje ya Lilongwe ndi Diamphwe. Kuotcha makala kumeneko kudafika poti mu 2015 boma lidatumizako asilikali kukateteza nkhalangoyo. Nkhalango za Chongoni, Dedza-Salima ndi ya paphiri la Dedza nazonso zili pa mpanipani womwewo. Mitengo ikatha m'mapiri, madzi a mvula amathamanga osalowa pansi, nthaka yachonde imakokoloka, mitsinje imadzaza mchenga, ndipo madimba amene alimi amadalira pa mbatata ya kachewere, kabichi ndi tomato amauma msanga.

Lamulo la zankhalango la 1997, limene lidakonzedwanso n'kuyamba kugwira ntchito ndi zilango zokhwima mu 2020, limaletsa kuotcha makala popanda chiphaso. Boma lilinso ndi ndondomeko ya zamakala ya zaka za 2017 mpaka 2027, ndipo lidalonjeza kubwezeretsa chonde ndi mitengo pa mahekitala 4.5 miliyoni pofika 2030. Koma lamulo palokha silingaphike nsima. Banja likasowa nkhuni limadula mtengo umene lawupeza.

Apa m'pamene pali kusiyana kwakukulu pakati pa nkhokwe ziwirizi. Nkhokwe ya malasha imangotsika. Nkhokwe ya mitengo imatha kudzazidwanso. Ngati mudzi ukudula pachaka mitengo yosaposa imene ikukula m'chaka chomwecho, nkhuni zake zilibe tsiku lothera. Ukadula kupyola pamenepo, umayamba kudya mbewu. Umboni uli m'midzi momwemo: kumanda, kumene mwambo umaletsa nkhwangwa, mitengo yachilengedwe ikadali njo, pamene malo oyandikana nawo ali mbee.

Zimene mudzi ungachite

Choyamba ndi kuwerengetsa. Komiti ya chitukuko ya m'mudzi, pamodzi ndi komiti yosamalira zachilengedwe ndi anyakwawa, ingathe kufufuza mitolo ya nkhuni imene banja limodzi limagwiritsa ntchito pasabata, n'kuwonkhetsa ya mudzi wonse pachaka, kenako n'kuyerekeza ndi mitengo imene ilipo. Mudzi umene ukudziwa chiwerengero chake umakhala ndi mfundo yogwirika yoika m'dongosolo la chitukuko lopita ku komiti ya dera ndi ku khonsolo.

Chachiwiri ndi kuchepetsa kadyedwe ka nkhokwe. Mbaula ya dothi ya chitetezo imagwiritsa ntchito nkhuni zochepa kuposa mafuwa atatu, ndipo imayaka ndi tinthambi, zitsononkho ndi mitengo ya nandolo. Kuumitsa nkhuni bwino, kunyika nyemba m'madzi zisanaphikidwe ndi kuvundikira mphika ndi zinthu zazing'ono, koma zikachitika m'nyumba zonse za m'mudzi zimapulumutsa mitengo yambiri. Pa zomangamanga, njerwa za simenti kapena za dothi lopanikiza sizifuna uvuni, ndipo kuyambira 2018 malamulo amaletsa njerwa zootcha pa ntchito zomanga za boma.

Chachitatu ndi kudzaza nkhokwe. Nyengo yodzala mitengo m'dziko muno imayamba pa 15 Disembala n'kutha pa 15 Epulo, koma mbande zimayenera kukonzedwa miyezi ingapo mvula isanagwe. Chofunika kwambiri ndi chiwerengero cha mitengo imene yapulumuka pakatha chaka, chifukwa mbande zambiri zimafa ndi moto wolusa, mbuzi ndi chiswe. Njira ina yosafuna ndalama ndi kusamalira mphukira za zitsa zakale m'minda ndi m'mapiri. Mitengo yachilengedwe monga tsamba, mombo ndi msuku imaphukanso ikatetezedwa kumoto ndi kupatuliridwa bwino, ndipo imakula msanga chifukwa mizu yake ndi yokhazikika kale. Nsangu ndi gliricidia m'munda zimawonjezera chonde kwinaku zikupereka nthambi. Nsungwi zikakhwima zimadulidwa chaka ndi chaka osafa. Bulugamu amapereka milimo ndi nkhuni msanga, koma sayenera kudzalidwa pafupi ndi akasupe kapena m'madambo chifukwa amamwa madzi ambiri.

Alangizi a zankhalango ndi a zaulimi a dera la Kabwazi angathe kuthandiza mudzi kusankha malo a nkhalango yake, kulemba malamulo oiyendetsera ndi kupeza mbewu za mitengo yoyenera nthaka ya kumeneko.

Malasha a padziko lapansi, mwa ziwerengero zimene zilipo, angathe kufika m'nthawi ya zidzukulutudzi, ndipo n'kutheka kuti ambiri adzasiyidwa pansi osakumbidwa. Zimenezo zidzagamulidwa ku Beijing, ku New Delhi ndi ku Washington. Zaka zimene nkhuni za ku Kabwazi zatsala nazo zidzagamulidwa pabwalo la mfumu, m'munda ndi m'khitchini, ndipo zikhoza kuwonjezereka kuyambira dzinja likubwerali ngati mudzi uliwonse utadziwa mitengo imene umadula pachaka n'kuonetsetsa kuti yokula ikuposa pamenepo.